Tannenberg, 1914: Malamulo a Nkhondo Amene Mdani Anawerenga

Mu Ogasiti 1914, magulu awiri aakulu a asilikali a dziko la Russia analowa m'chigawo cha East Prussia, chomwe chinali mbali ya Germany. Gulu Loyamba linkatsogoleredwa ndi Paul von Rennenkampf chakumpoto, Lachiwiri ndi Alexander Samsonov chakummwera, ndipo pakati pawo panali nyanja zambirimbiri za ku Masuria. Onse pamodzi anali ochuluka kuposa Ajeremani, koma analibe njira yodalirika yolankhulirana.

Mawaya a telefoni ndi telegalafu anali operewera, ndipo asilikali akamalowerera m'dziko la mdani, mawayawo ankatsalira m'mbuyo. Atsogoleri anayamba kudalira wailesi. Komatu wailesi ilibe mpanda: aliyense wotchera khutu amamva. Mankhwala ake n'kubisa uthenga m'zizindikiro zachinsinsi, koma makiyi omasulira sanafike kwa onse, ndipo odziwa ntchitoyo anali ochepa. Mtsogoleri akabisa uthenga, anzake ankalephera kuumasulira pa nthawi yake. Akapanda kubisa, mdani ankauwerenga. Kangapo konse anasankha kutumiza poyera.

Pa 25 Ogasiti, Ajeremani anatola mauthenga osabisa oonetsa kumene magulu onse awiri ankalowera. Paul von Hindenburg ndi Erich Ludendorff anatsimikiza kuti Rennenkampf ali kutali ndipo sangathandize mnzake msanga. Motero anasiya asilikali ochepa a pa akavalo kumpoto, n'kulunjikitsa mphamvu zawo kummwera, ena atasamutsidwa pa sitima zapamtunda. Kuyambira pa 26 mpaka pa 30 Ogasiti anazinga gulu la Samsonov, nagwira asilikali pafupifupi 92,000. Samsonov anadziwombera yekha m'nkhalango.

Funso la ku Tannenberg lidakalipo, ngakhale lero mauthenga akuyenda pa makompyuta. Kulumikizana kukaduka, msilikali wa kutsogolo sangafunse ku likulu ngati ali wololedwa kutsegula chikalata chakuti. Kukhwimitsa kwambiri kumasiya mwini wake mumdima. Kulekerera kumatsegulira mdani chitseko. N'chifukwa chake makiyi amagawidwa ulendo usanayambe, amapatsidwa nthawi yothera ntchito, ndipo aliyense amalandira okhawo oyenera udindo wake, kuti chipangizo chimodzi chikagwidwa, zinsinsi zonse zisapite nacho. Asilikali a Samsonov analowa m'nkhalango za East Prussia ntchito imeneyi isanachitike.