Maphunziro a Netiweki ndi Chitetezo cha Makompyuta kwa Achinyamata a ku Mtendere

Maphunziro a netiweki, kasamalidwe ka makompyuta ndi chitetezo cha uthenga ndi nthambi ya maphunziro a zamakompyuta yomwe imakonzekeretsa munthu kulumikiza makompyuta kuti azitumizirana uthenga, kuyang'anira makina osunga uthengawo, ndi kuuteteza kwa akuba. M'Zambia maphunzirowa amapezeka pa mlingo wa satifiketi, dipuloma ndi digiri. Ambiri amawasokoneza ndi maphunziro olemba mapulogalamu, koma n'zosiyana. Wolemba mapulogalamu amapanga chinthu chatsopano, pamene wa netiweki amaonetsetsa kuti zomwe zilipo kale zikugwira ntchito usana ndi usiku. Anthu amamukumbukira pokhapokha zinthu zikasokonekera, monga pamene wa pa kabuthi ka mobile money auza kasitomala kuti netiweki yavuta, abwerenso masana.

Ku Mtendere, komboni ya kum'mawa kwa Lusaka yomwe ili m'dera la phungu la Munali, moyandikana ndi Kabulonga, Kalikiliki ndi Helen Kaunda, nkhaniyi si yachilendo. Malonda a pamsika, malipiro a nyumba, kugula mayunitsi a magetsi a ZESCO ndi kutumiza ndalama kumudzi, zambiri mwa izi zimadutsa pa foni. Ogwiritsa ntchito netiweki ndi ochuluka. Odziwa kuimanga ndi kuiteteza ndiwo ochepa.

Zomwe wophunzira amaphunzira

Gawo loyamba ndi netiweki yeniyeniyo. Wophunzira amayamba ndi zogwirika: kusenda waya wa Cat6, kusanja timawaya take 8 potsata mitundu yake, kutilowetsa m'kapulagi ka RJ45 ndi kukapana ndi chida chopanira. Amauzidwa msanga kuti waya wotere usapitirire mamita 100, apo ayi uthenga umafika wopunduka. Kenako amadziwana ndi switch, yomwe imalumikiza makompyuta a m'nyumba imodzi, ndi router, yomwe imasankha njira yotumizira uthenga kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina.

Pomwe ambiri amatuluka thukuta ndi pa masamu a ma IP address. Kompyuta iliyonse ya pa netiweki imafunika keyala yakeyake. M'dongosolo lakale la IPv4 keyala imakhala ndi mabiti 32, zomwe zimapereka makeyala pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo chiwerengerochi chinachepa kalekale kwa dziko lonse lapansi. Dongosolo latsopano la IPv6 lili ndi mabiti 128. Wophunzira amayenera kudziwa kugawa makeyalawa m'timagulu, monga kuzindikira kuti netiweki yolembedwa 192.168.1.0/24 ili ndi makeyala 256 koma makompyuta angatengepo 254 okha. Amalowezanso magawo 7 a dongosolo la OSI. Kuloweza kumeneku kumaoneka ngati kongofuna kukhoza mayeso, komatu ndi komwe kumaphunzitsa munthu kufufuza vuto mwadongosolo: kuyamba waona ngati waya walowa bwino, kenako keyala, kenako njira, ndipo pulogalamu pomalizira. Amene sanagwire zimenezi amangozimitsa makina ndi kuyatsanso, n'kumayembekezera mwayi.

Gawo lachiwiri ndi kasamalidwe ka ma server, makompyuta akuluakulu omwe amatumikira anzake. Pano wophunzira amagwira Windows Server komanso Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyambitsa mu 1991 ndipo lero ndiyo imayendetsa ma server ambiri a pa intaneti. Amaphunzira kutsegulira antchito maakaunti, kupatsa aliyense chilolezo chogwirizana ndi udindo wake, kukhazikitsa DHCP yogawa makeyala ndi DNS yosandutsa mayina a mawebusaiti kukhala manambala. Amaphunziranso kusunga makope a uthenga. Lamulo lodziwika m'ntchitoyi ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Kope lomwe silinayesedwepo kubwezeretsa silidalirika, ndipo mphunzitsi wabwino amakakamiza ophunzira kufufuta dala zinthu mu labu kuti aone ngati angazibweze.

Gawo lachitatu ndi chitetezo. Lakhazikika pa mfundo zitatu: uthenga uonedwe ndi oyenera okha, usasinthidwe mwachinyengo, ndipo upezeke pamene ukufunika. Wophunzira amakonza firewall, amaphunzira kubisa uthenga mwa masamu kuti wougwira panjira asauwerenge, ndiponso amaunika zodutsa pa netiweki ndi mapulogalamu ngati Wireshark. Komabe akuba ambiri sathyola makina, amanyengerera munthu. Uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena woimba foni wodzitcha wantchito wa kampani ya mafoni n'kupempha nambala yachinsinsi, anthu a m'makomboni a Lusaka amawadziwa bwino kwambiri. M'kalasi zimenezi ndi phunziro lapadera, ndipo mwana wokulira ku Mtendere amafika atalidziwa kale theka.

Chiyambi chake m'Zambia

Mbiri ya ntchitoyi m'dziko muno inayambira pa University of Zambia, pa msewu wa Great East, mtunda wosatalika kuchoka ku Mtendere. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku likulu la makompyuta la yunivesiteyi ankatumiza ndi kulandira imelo kudzera pa Fidonet, dongosolo lomwe makompyuta ankaimbirana pa waya wa telefoni n'kupatsirana makalata. Mu Novembala 1994 kampani ya ZAMNET, yomwe inabadwira pa yunivesite pomwepo, inalumikiza Zambia ku intaneti kudzera pa waya wopita ku Cape Town. Zambia inakhala m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa kotheratu.

Popeza dzikoli lilibe nyanja yamchere, uthenga wake wopita kunja umadutsa pa mawaya a fibre a pamtunda kukafika pa mawaya a pansi pa nyanja m'magombe a mayiko ngati Namibia, Tanzania ndi South Africa. Waya ukaduka m'dziko loyandikana nalo, ku Lusaka nakonso intaneti imachedwa, ndipo n'chifukwa chake ophunzira amauzidwa mobwerezabwereza kuti njira imodzi siyokwanira. Mayunivesite ndi makoleji ali ndi netiweki yawo, ZAMREN, yomwe ndi membala wa UbuntuNet Alliance, bungwe lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Woyang'anira zonse zamauthenga ndi ZICTA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009 ndipo imasamaliranso mayina a pa intaneti othera ndi .zm.

Komwe amaphunzitsa ndi kalowedwe kake

Wofuna digiri angapite ku University of Zambia, ku Copperbelt University ku Kitwe, ku Mulungushi University ku Kabwe, kapena ku mayunivesite ena a mu Lusaka monga ZCAS University ndi University of Lusaka. Digiri imatenga zaka zinayi. Ku Ndola kuli sukulu yomwe kale inkatchedwa Zambia ICT College, yomwe inachokera ku koleji yophunzitsa antchito a zamatelefoni, ndipo imadziwika ndi maphunziro a mtundu umenewu. Wofuna dipuloma kapena satifiketi amapita ku makoleji olembetsedwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Yodziwika kwambiri mu Lusaka ndi Evelyn Hone College pa msewu wa Church, yomwe inatsegulidwa mu 1963. Kawirikawiri pa dipuloma ndi digiri pamafunika makirediti asanu a Giredi 12, kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu. Kholo lisanalipire kanthu lifunse kaye ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa ndi TEVETA kapena Higher Education Authority, chifukwa chikwangwani chokongola pa mpanda sichitsimikizira kuti pepala lake lidzalandiridwa.

Pambali pa mapepala a koleji pali masatifiketi a makampani ndi mabungwe akunja, monga CCNA ya Cisco, komanso Network+ ndi Security+ za CompTIA. Olemba ntchito ambiri amawafuna. Mitengo ya mayeso ake imaikidwa m'madola, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera, ndipo wophunzira wa m'komboni amatha kumaliza maphunziro onse osakwanitsa kulemba mayesowo.

Pa za malipiro, ophunzira a m'mayunivesite a boma amapempha ngongole ku HELSB, bungwe la boma lopereka ngongole za maphunziro. A m'makoleji a TEVETA njira yawo inakula mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za chitukuko cha madera (CDF) kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, n'kupatula gawo lolipirira achinyamata maphunziro a luso. Mafomu amadutsa ku komiti yachitukuko ya wadi.

Zopinga za wophunzira wa m'komboni

Vuto lalikulu si nzeru ayi, koma nthawi yogwira makina ndi manja. Phunziro la kompyuta linalowa m'masukulu a boma, ndipo mayeso oyamba a Giredi 9 analembedwa mu 2015. M'masukulu ambiri makompyuta anali ochepa kwambiri moti ana ankasinthana mpaka usiku kuti amalize mayeso. Mwana wodutsa m'sukulu yotere amafika ku koleji atamva zambiri za kompyuta koma ataigwira pang'ono, n'kukhala m'kalasi imodzi ndi mnzake wa ku Kabulonga yemwe anakula nayo m'chipinda chake.

Ku koleji nakonso ma router enieni amakhala ochepa poyerekeza ndi ophunzira. Chomwe chimapulumutsa ambiri ndi mapulogalamu oyeserera. Packet Tracer ya Cisco imalola munthu kumanga netiweki yathunthu pa sikirini popanda kugula chida chilichonse, ndipo VirtualBox imalola kuyendetsa ma server angapo m'kati mwa laputopu imodzi. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ikakhala ndi memore yokwanira, imakhala labu ya wophunzirayo. Koma imafuna magetsi. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, komwe kumapangidwa magetsi, ndipo m'miyezi ina nyumba za mu Lusaka zinkakhala maola pafupifupi 20 kapena kuposerapo pa tsiku popanda magetsi. Wophunzira ankayenera kudzuka pakati pa usiku magetsi akayaka, kapena kutsalira ku koleji mpaka madzulo, kenako n'kufunafuna minibasi yobwerera kwawo. Onjezanipo mtengo wa mabandulo okopera mapulogalamu akuluakulu.

Chaka chomwecho chinaonetsanso kuti m'Zambia wosamalira ma server sangapewe kudziwa zamagetsi. Ayenera kumvetsa za UPS, invetala, mabatire ndi sola, ndi kuwerengera kuti makina ake angakhale maola angati magetsi atazima. Mabuku ochokera kunja amangodutsapo pa nkhaniyi, pamene kuno ndiyo imasiyanitsa ofesi yotseguka ndi yotseka.

Atsikana akadali ochepa m'makalasi amenewa. Ena amabwezedwa ndi maganizo akuti kukwera makwerero ndi kukoka mawaya m'denga ndi ntchito ya amuna, ngakhale kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi imachitika munthu atakhala pa kiyibodi. Bungwe la Asikana Network la mu Lusaka linakhazikitsidwa kuti lilimbikitse atsikana ndi amayi kulowa m'zamakompyuta, ndipo BongoHive, yomwe inayamba mu 2011, yakhala malo okumanirana achinyamata okonda luso limeneli.

Milandu ndi malamulo

Zitsanzo zophunzirira siziyenera kuchokera ku America kokha. Pa 9 Meyi 2022 Bank of Zambia inaukiridwa ndi gulu la Hive, lomwe linkatseka uthenga wa mabungwe n'kufuna dipo. Ntchito zina za bankiyo zinasokonekera, koma inakana kulipira ndipo inabwezeretsa makina ake. Mu Epulo 2024 akuluakulu a boma, motsogozedwa ndi Drug Enforcement Commission, anagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka, n'kulanda masimukhadi oposa 13,000. Atsogoleri ake, ambiri ochokera ku China, anapatsidwa zilango zofika zaka 11 m'ndende. Chomvetsa chisoni pa mlanduwu n'chakuti ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a m'Zambia momwemo, omwe analembedwa ngati antchito olankhula ndi makasitomala, ntchito yake ikukhala yonyenga anthu pa intaneti. Wachinyamata wodziwa kompyuta koma wosowa ntchito ndiye amene magulu otere amamufuna, ndipo koleji yosaphunzitsa zimenezi poyera ikulakwira ophunzira ake.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Cyber Security and Cyber Crimes Act ndi Data Protection Act. Loyambalo linalowedwa m'malo mu Epulo 2025 ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Mabungwe ena, kuphatikizapo Law Association of Zambia, anadandaula kuti malamulo atsopanowa akupatsa boma mphamvu zochuluka zomvetsera mauthenga a anthu. Kwa wophunzira, mfundo yoyamba ndi yosavuta: kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale cholinga chitakhala kuyesa luso. Yachiwiri ndi yolemera. Pa tsiku la chisankho, 12 Ogasiti 2021, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'dziko muno, mpaka khoti lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe bungwe la Chapter One Foundation litakasuma. Kutseka kotere kumachitika ndi manja a akatswiri a netiweki, ndipo amene akuphunzira ntchitoyi ayenera kudziwiratu kuti tsiku lina angalandire lamulo lotero.

Ntchito zake

Omaliza maphunzirowa amalembedwa ku makampani a mafoni monga MTN, Airtel ndi Zamtel, ku makampani ogulitsa intaneti monga Liquid Intelligent Technologies ndi Paratus, ku mabanki, ku migodi, ndi m'boma kudzera ku Smart Zambia Institute ndi maunduna, kuphatikizapo wa zaumoyo womwe umasunga mbiri ya odwala pa dongosolo la SmartCare. Ambiri amayambira pa desiki yothandiza antchito anzawo, kukonza mapulinta ndi kutsegula maakaunti otsekeka, asanapatsidwe makiyi a chipinda cha ma server. Atachimenti, nthawi yomwe wophunzira amakagwira ntchito pa kampani asanamalize koleji, ndiyo imatsegula khomo nthawi zambiri, ndipo kuipeza n'kovuta kwa yemwe alibe womudziwa. Lamulo la 2018 limafunanso kuti ogwira ntchito zamakompyuta alembetse ku ICTAZ, bungwe lomwe linalowa m'malo mwa Computer Society of Zambia.

Ena amadzilemba okha ntchito. Masukulu apulaiveti, malo ogona alendo, matchalitchi ndi mashopu a ku Mtendere ndi madera ozungulira amafuna woika Wi-Fi, makamera a CCTV ndi makina olandirira malipiro, ndipo kuyambira mu 2023, pamene Starlink inayamba kugwira ntchito m'Zambia, pakufunikanso oika mbale zake ndi kugawa intanetiyo m'zipinda. Ntchito zoterezi zimafuna chikwama cha zida, makwerero, choyesera mawaya ndi kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kuti munthu athe kupereka invoisi ku masukulu ndi mabungwe.