Silikoni ndi Tubenthu Take: Mbiri ndi Dzina

Mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke akamamvera wayilesi, kapena akaika sola padenga, amagwiritsa ntchito chinthu chimene Chichewa sichinachipatsebe dzina lokhazikika. Tisanachitche dzina, nkoyenera kudziwa kumene chinachokera.

Silikoni amachokera mumchenga ndi m'miyala yoyera yonyezimira. Vuto la akatswiri oyamba linali kumuyeretsa, popeza kachitsotso kosaoneka ndi maso kamasokoneza kayendedwe ka magetsi. Nchifukwa chake tiranzisita yoyamba, imene John Bardeen ndi Walter Brattain anapanga ku Bell Laboratories m'chaka cha 1947, inali ya germanium. Iyo inkafooka ikatentha.

Njira yothetsera vutoli inali itapezeka kale. M'chaka cha 1916 Jan Czochralski wa ku Poland anaona kuti ukaviika kanthu m'chitsulo chosungunuka ndi kukakoka pang'onopang'ono, chitsulocho chimauma molongosoka. Gordon Teal anatsata njirayi, ndipo mu 1954 kampani ya Texas Instruments inayamba kugulitsa matiranzisita a silikoni. Mpaka lero silikoni amamusungunula pa madigiri 1414, kenaka amakoka mtanda wobulungira ngati munsi ndi kuucheka mopyapyala monga acheka mbatatesi yokazinga. Tizidutswato amatipala mpaka kusalala ngati galasi.

Mu 1959 Jean Hoerni ndi Robert Noyce a ku Fairchild anaonetsa kuti ziwiya zambirimbiri zingathe kujambulidwa pankhope ya kachidutswa kamodzi. Toyamba tinali ta mamilimita 25 chabe m'mimba mwake. Tatikulu ta masiku ano ndi ta mamilimita 300.

Tsono titche chiyani? Angerezi anabwereka mawu akuti wafer ku bisiketi yopyapyala. Ife sitikusowa kubwereka, pakuti tili ndi mneni kubenthula. Tikuganiza kuti kabenthu ka silikoni, zambiri tubenthu, ndi dzina loti mwana wasukulu angalimve msanga. Pa kalembedwe, lamulo lakuti r atsate i ndi e likanatipatsa sirikoni, koma m'mawu obwereka ngati wayilesi anthu anasunga l. Tikupempha aphunzitsi kuti ayesere mawuwa m'kalasi ndi kutilembera maganizo awo, chifukwa phunziro lopanda mawu athuathu mwana amangoliloweza osalimvetsa.