Chiyankhulo cha tsidya la msewu

Mwana wa ku Dedza akafunsa komwe angaphunzire Chisipanishi, yankho ndi lalifupi: kusukulu zaboma kulibe. Pa mayeso a MSCE chiyankhulo cha ku Ulaya chomwe mungachipeze, kupatula Chingerezi, ndi Chifalansa. Komatu mwanayo amayankhula kale mawu omwe munthu wa ku Madrid angawazindikire. Nsapato ndi zapato, kalata ndi carta, kapitawo ndi capitán. Mawuwa sanachokere ku Spain ayi. Anadzera m'Chipwitikizi, chomwe ndi chibale wa Chisipanishi, poti zonse ziwiri zinaphuka ku Chilatini.

Nanga anafika bwanji kumapiri kuno? Apwitikizi anakhazikika ku Tete ndi ku Sena m'zaka za m'ma 1500, ndipo amalonda ankayenda pakati pa Zambezi ndi dziko la Amaravi. Katundu akabwera, dzina lake linkabwera naye. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linadula malire, Angonia n'kukhala mbali ya Apwitikizi, Dedza ya Angerezi, ngakhale anthu ake ndi amodzi, Achewa ndi Angoni. Lero mukaima pamsika wa Lizulu, mukangodumpha msewu wa M1 ndiye kuti mwalowa m'Mozambique basi.

Sukulu inayang'ana kwina. Ansembe a White Fathers omwe anatsegula Mua mu 1902 anabwera ndi Chilatini cha m'tchalitchi. Dedza Secondary School, yotsegulidwa mu 1951, inkaphunzitsa m'Chingerezi. Mu 1968 msonkhano wa Malawi Congress Party unakweza Chichewa pambali pa Chingerezi, ndipo mu 1981 Kamuzu Academy inayamba ndi Chilatini ndi Chigiriki. Chipwitikizi, chiyankhulo cha aneba, sichinapatsidwe mpando.

Ngakhale m'zaka za m'ma 1980, pomwe anthu othawa nkhondo anadzaza Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere wa 1992, ana ankatola "bom dia" ndi "obrigado" pabwalo lamasewera, osati pabolodi.

Mawu olowa pakhomo lakuseri amakhazikika mpaka kuiwalika kuti ndi alendo. Funsani agogo ngati "mbatata" ndi Chizungu, akusekani. Akuuzani kuti Chizungu ndi "mbatatesi", zija zimadzaza matumba m'mbali mwa msewu ku Bembeke. Chonsecho onse awiri ndi obwera: loyambalo ndi batata la Apwitikizi.

Tsono mnyamata wonyamula mbatatesi pachipata cha Dedza ndi Calomue akapatsidwa chikalata cha m'Chipwitikizi kuti asayine, amafunafuna womuwerengera. Chifalansa cha Fomu 2 chija sichimuthandiza pamenepo.