Khadi likunena china, Oracle ikunena china

Mu 2017 kampani ya Wizards of the Coast ya ku Renton ku America inaiwala liwu limodzi pakhadi la masewera ake. Khadilo, Hostage Taker, limalamula kuti likangoikidwa patebulo ligwire cholengedwa chimodzi n'kuchichotsapo kufikira ilo litachoka. Tsoka ilo, nalonso ndi cholengedwa. Likapezeka lokha linkayenera kudzigwira, kuchoka, kubwerera, n'kudzigwiranso mpaka kalekale. Makhadi anali atasindikizidwa kale, choncho kampani inangolengeza kuti aliyense aziwerenga ngati palembedwa "cholengedwa china".

Okonda masewera a Magic: The Gathering sanadabwe, pakuti zotere anakula nazo. Masewerawa anawayambitsa ndi katswiri wa masamu Richard Garfield ndipo anatuluka mu Ogasiti 1993. Makhadi 52 amene timawadziwa kunoku sasintha, koma awa lililonse lili ndi lamulo lakelake lolembedwa pamenepo, ndipo likatsutsana ndi buku la malamulo, chomveka ndi cha khadi. Mlembi akaterereka, masewera onse aterereka naye.

Kuterereka kunayamba asanagulitse n'komwe. Poyeserera, khadi la Time Walk linkanena kuti mdani wako aluza ulendo wotsatira. Garfield ankatanthauza kuti mdaniyo adumphidwa kamodzi, koma ena anamva kuti masewera onse amuthera pomwepo. Analilembanso kuti mwini khadi asewere kawiri motsatizana. Gulu loyamba la makhadi, Alpha, linatulukabe ndi zilema: Cyclopean Tomb inalibe mtengo wa mana, malipiro osewerera khadi, manambala a Elvish Archers anatembenuzidwa, ndipo Volcanic Island inaiwalika yonse mpaka gulu la Beta.

Nanga Chaos Orb? Khadi ili umaliponya m'mwamba, ndipo lililonse limene laligwera lafa. Pali nthano yoti wina analing'amba tizidutswa n'kutiwaza patebulo ponse. Kaya zinachitikadi kaya ayi, m'mipikisano analiletsa, ndipo mu 1998 kampani inaseka nawo potulutsa khadi lanthabwala la Chaos Confetti, lomwe umaling'ambadi.

Khadi likalowa m'matumba a anthu dziko lonse sungaliitanitse kuti ulikonze. Njira imene kampani inapeza ndiyo kusamutsa choonadi kuchichotsa papepala. Inakhazikitsa kaundula wotchedwa Oracle, momwe muli mawu ovomerezeka a khadi lililonse, ndipo kuyambira 2004 aliyense amatha kuwawerenga pa intaneti kudzera pa Gatherer. Pampikisano, mkangano ukabuka, jaji amatsata za mu Oracle ngakhale khadi lili m'manja mwako likunena zina. Kaundulayu anagwira ntchito yaikulu mu 1999, pamene Sixth Edition inakonzanso malamulo onse n'kuthetseratu mtundu wa makhadi wotchedwa interrupt. Amene anali nawo anauzidwa kuti aziwatenga ngati mtundu wina wotchedwa instant.

Khadi limene linazunzika koposa ndi Time Vault la mu 1993. Limakupatsa ulendo wowonjezera, koma kuti uligwiritse ntchito uyenera kulolera kudumphidwa kamodzi. Ochenjera anapeza makhadi ena olidzutsa popanda kulipira ngongoleyo, n'kumasewera okha mnzawo atapinda manja. M'zaka za m'ma 1990 kampani inalimata mawu amene sanalembedwepo pofuna kulifooketsa. Mu 2006 inawasinthanso. Mu 2008 inagonja, n'kulibwezera pafupi ndi mmene linasindikizidwira, ndipo inalamula kuti m'mipikisano ya Vintage munthu azikhala nalo limodzi lokha. Apa ine ndikuona kuti inachita bwino. Kukonza pamene mlembi anaphonya ndi chilungamo, koma kusintha mawu mwakabisira chifukwa khadi lakula mphamvu ndi kubera wogula. Likavuta, liletseni poyera.

Phunzirolo linagwira zaka zoposa khumi. Kenako mu Epulo 2020 kunabwera gulu la Ikoria ndi makhadi 10 otchedwa companion, amene munthu ankawasunga pambali n'kuwaitana kamodzi nthawi imene wafuna, ngati kuti wayamba masewera ndi khadi lapadera. Anasokoneza mipikisano moti pofika Meyi, Lurrus of the Dream-Den inali italetsedwa m'mipikisano ya Legacy ngakhalenso mu Vintage, kumene kuletseratu khadi chifukwa cha mphamvu n'kosowa. Pa 1 Juni kampani inasintha lamulo la makhadi onse 10: uziyamba walipira mana atatu kuti khadilo lingofika m'manja. Mipikisano inapuma, koma anthu anali atagula kale.

Choncho mukadzagwira khadi wamba la Lurrus la mu 2020, timawu tofotokoza lamuloli pamenepo musatikhulupirire. Tinatha ntchito khadilo lisanakwanitse miyezi iwiri.