Wogula malo amadzera kwa ndani? Mbiri yoti tiikumbukire kuno ku Maravia

Ulendo uno ndabwera ndi nkhani ya malo. Masiku ano timangomva kuti auje agulitsa dimba, auje agulitsa nyumba ya pamsewu, koma palibe adamva kulengeza pa wailesi kapena pa bwalo la mfumu. Timangoona mlendo akukhoma zikhomo basi. Ndiye funso nali: munthu wochokera ku Tete, ku Maputo kapena kunja, wosadziwa ndi njira ya kuchitsime yomwe, amadziwa bwanji kuti pakhomo pakutipakuti pali wina woti angagulitse? Yankho lake lili m'mbiri yathu, pakuti njira zimenezi sizidayambe lero ayi.

Dzina loti Maravia lidachokera kwa Amaravi, makolo athu. Dziko lino lidali m'manja mwa Undi, amene likulu lake lidali ku Mano, cha ku mtsinje wa Kapoche. Nthawi imeneyo malo sadali katundu wapamsika. Mfumu inkagawira mbumba, mbumba n'kumalima, ndipo munda unkatsata mzere wa kuchikazi monga tichitira mpaka pano. Wopha njovu ankapereka kwa mfumu mnyanga wogwera pansi, posonyeza kuti nthaka ili ndi mwini wake.

M'zaka za m'ma 1700 golide adapezeka kumpoto kwa Zambezi. Apwitikizi ndi amwenye a ku Goa okhala ku Tete adawoloka mtsinje n'kutsegula migodi monga ya ku Mano ndi ku Missale. Sadayambe ndi mfuti. Adayamba ndi nsalu ndi mikanda, kupita nazo kwa mafumu. Mfumu polandira nsalu inkaona ngati yabwereka mlendo malo, monga timachitira ndi munthu wodzapempha pokhala. Koma eni nsalu aja ankatenga kuti agula, malo ndi awo mpaka muyaya. Mawu amodzi, matanthauzo awiri. Okumba golideyo ambiri adali akazi akapolo, ndipo olondera adali Achikunda.

Chitsanzo chachikulu ndi banja la Pereira. Gonçalo Caetano Pereira adachokera ku Goa cha m'ma 1760, anthu n'kumutcha Dombo Dombo. Mwana wake Pedro, wodziwika kuti Chamatowa, adathandiza Undi pa nkhondo yolimbana ndi mafumu omuukira, ndipo pothokoza adapatsidwa dera la Makanga. Sipadapite mibadwo yambiri, zidzukulu zake zidasanduka mafumu paokha, kumagwira anthu ndi kumenyana ndi eni dziko omwe aja. Ufumu wawo udatha mu 1902 pomwe Apwitikizi adagonjetsa Chinsinga. Apa ndiye pali njira yoyamba: wofuna malo amafunafuna munthu amene ali pamavuto. Undi sadapereke Makanga chifukwa chokonda mlendo, adapereka chifukwa nkhondo idamupana.

Njala nayo inkagwira ntchito yomweyo. Pa chilala chachikulu cha m'ma 1820, anthu ambiri a m'chigwa cha Zambezi adadzipereka okha kwa eni chuma. Padali mwambo wa kuswa mitete: munthu wanjala ankaswa dala kanthu m'nyumba ya wolemera, ndipo kuyambira tsiku limenelo wakhala kapolo wake. Mimba ikalira, mtengo wa chilichonse umatsika, ngakhale wa munthu.

Njira yachiwiri tiionere kwa anansi athu a ku Chipata. Mjeremani wina wogula minyanga, Carl Wiese, adafika kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, mu 1885 kuchokera ku Tete konkuno. Adakhala nawo zaka, kudya nawo, kuwapatsa mphatso, mpaka kukhala ngati mlangizi wa mfumu. Mu 1891 adatuluka ndi pepala lonena kuti Mpezeni wamupatsa chilolezo pa dziko lake. Pepala lija lidagulitsidwa kwa azungu ena, ndipo mu 1895 kudabadwa kampani ya North Charterland, imene idatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000, kuposa boma lathu lonse la Maravia. Angoni atakana, nkhondo idabuka, ndipo kumayambiriro kwa 1898 adagonja. Nsingo, mwana wa Mpezeni, adaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa. Taonani, anzanga: chibwenzi choyamba, pepala pambuyo, ndipo amene adadzatenga malo sadali uja adadya naye nsima. Pepala limayenda, limasintha manja, limakafika kwa munthu amene sadakuoneni nkhope.

Chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire, n'kudula dziko la Achewa ndi Ansenga pakati. Mu 1892 mbali yathu ino idaperekedwa kwa Companhia da Zambézia. Kuyambira pamenepo kupempha kudatha. Kudabwera msonkho wa mussoco ndi chibalo, moti anthu ambiri adathawira ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Undi mwini wake adasamuka mu 1935, ndicho chifukwa chake lero Kulamba timakachitira ku Mkaika, m'boma la Katete. Kenaka nkhondo ya ufulu itafika m'chigawo cha Tete mu 1968, atsamunda adatsekera anthu m'midzi ya mpanda ija ya aldeamento. Damu la Cahora Bassa, lomwe adamanga kuyambira 1969 mpaka 1974, lidasamutsa anthu oposa 25,000, ndipo madimba a m'mbali mwa Zambezi ndi manda a makolo zili pansi pa madzi mpaka lero.

Ufulu udabwera pa 25 June 1975. Pa 24 July chaka chomwecho boma la Samora Machel lidalengeza kuti nthaka yonse ndi ya boma, ndipo pa 3 February 1976 nyumba zonse za lendi zidatengedwanso. Kugula ndi kugulitsa malo kudaletsedwa. Koma nkhondo yachiweniweni idatibalalitsa, ena ku Ukwimi m'dziko la Zambia, ena ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, obwerera ena adapeza minda yawo ikulimidwa ndi eni ake atsopano. Imeneyi ndi njira yachitatu: wofuna malo amayang'ana pamene mwini wake palibe.

Tsono lamulo limene tili nalo, Lamulo la Malo nambala 19/97 la pa 1 October 1997, lidalembedwa podziwa mbiri yonseyi. Limati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, siikhala chikole cha ngongole. Chimene munthu ali nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, DUAT. Ufuluwu uli nawo kale ngati malowo udawapeza mwa mwambo, kapena ngati ndiwe nzika ndipo wakhalapo mokhulupirika zaka 10, ngakhale ulibe pepala. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa. Wabizinesi akapempha malo ku boma, payenera kuchitika msonkhano wofunsa anthu, uja timati consulta comunitária. Chimene lamulo limalola kugulitsa ndi zomwe munthu waika pamalopo, monga nyumba, khola, chitsime. Kumidzi kuno ngakhale zimenezi zimafuna kalata ya kwa notário ndi chilolezo cha boma.

Apa ndi pamene ogula a lero amalowera. Sanena kuti akugula munda. Amati akugula mango asanu ndi kanyumba kaudzu, koma zikhomo amakhoma mahekitala ambirimbiri. Ndipo safika okha. Amatuma mwana wa m'mudzi momwemo, wanjinga yamoto kapena wogula chimanga pasikelo, amene amadziwa zonse: uyu fodya sadamuyendere ndipo ali ndi ngongole ya feteleza, uyu ali ndi wodwala kuchipatala ku Tete, uyu mlandu wamugwera. Amafika mwezi wa January ndi February, nkhokwe zitagwa. Amayenda m'maliro, kuona amasiye. Amaimbira foni ana a malemu omwe ali ku tauni kapena ku Joni, amene kumudzi sadzabweranso ndipo ndalama yamwamsanga amaifuna. Ena amanyengerera mkamwini, chonsecho tonse tikudziwa kuti mkamwini alibe mphamvu pa munda wa mbumba ya mkazi wake. Mawu awo ndi amodzi: musauze anthu, angakuchitireni nsanje. Zikatero amalemba kakalata ka declaração usiku, mboni ziwiri zomwe amwetsa kale, chala chidindidwe, nkhani yatha. Eti si zomwe zija za nsalu ndi mikanda?

Chinsinsi chimapindulira wogula. Wogulitsa mobisa sadziwa kuti mnzake adalandira zingati, sadziwa kuti pamalopo padzadutsa msewu kapena magetsi, kapena kuti pansi pali miyala yamtengo. Wogula zonsezi amazidziwa asanafike.

Ngakhale zochitikira poyera zimafuna maso. Ku Moatize, kampani ya Vale idasamutsa mabanja 1,365 mu 2009 ndi 2010 kuti ikumbe malasha. Oposa 700 adapita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Adalonjezedwa mahekitala awiri banja lililonse, koma poyamba adalandira imodzi yokha, ndipo ambiri adadandaula za nthaka yamiyala ndi nyumba zong'aluka. Pa 10 January 2012 anthu adatseka njanji ya sitima. Chaka chomwecho boma lidatulutsa malamulo atsopano a kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan n'kuchoka. Kampani idachoka, koma anthu a ku Cateme akadali ku Cateme. Ngati mabanja ochuluka chotere, ali pamodzi, adavutika kuti amvedwe, nanga mayi wamasiye yekha wodinda chala usiku adzamvedwa ndi ndani?

Sindikunena kuti mlendo aliyense ndi fisi. Timafuna misika, zigayo, masitolo ndi ntchito za ana athu. Mlendo wabwino amabwera masana, amadzera kwa nyakwawa, amakhala pansi ndi mbumba yonse, ndipo msonkhano ukaitanidwa sachita mantha. Amene akukana kuti atsibweni ndi alongo anu amve, ameneyo ali ndi chake chimene akubisa.

Choncho pempho langa ku makalabu ndi ili. Tikakumana sabata ino, tikambirane za malire a minda yathu, tiwayendere pamodzi ndi akuluakulu akadali moyo, tibzale mitengo m'malire. Amene angathe alembetse malo awo ku ofesi ya boma ku Fingoe, ndipo dzina la mayi lisasiyidwe papepala. Mnzathu akapanidwa ndi njala kapena matenda, timuthandize ndi chitini cha chimanga kapena ganyu asanafike wachikwama. Ndipo pepala lililonse liwerengedwe mokweza, m'Chichewa, anthu ali pomwepo, chala chisanadindidwe. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Ndalama ya munda imatha mvula isanabwere kawiri, koma adzukulu adzafuna polima.



Ndine mlimi mnzanu wa ku Malowera.