Kanyama komera m'diso: zimene zimachitika m'maselo

Kanyama kofiirira komwe kamamera pa mbali yoyera ya diso n'kumakwawira pagalasi la kutsogolo kwa diso, madokotala amakatcha pterygium. Dzinali n'lochokera ku Chigiriki ndipo limatanthauza kaphiko, potengera maonekedwe ake. Kanyamaka si khansa, komanso si ng'ala, chifukwa ng'ala imagwira mkati mwa diso. Komabe kakakula mpaka kufika pa mwana wa diso, munthu amayamba kuona mwachimbuuzi.

Vutoli n'lofala m'maiko oyandikana ndi ikweta, kumene dzuwa limaomba mwamphamvu chaka chonse. Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta, choncho asodzi, alimi, akabaza ndi ochita malonda pamtetete ali pachiopsezo chachikulu. Fumbi ndi mphepo zimawonjezera vutoli, koma gwero lake lenileni ndi cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chotchedwa UV.

Pamalire a mbali yoyera ya diso ndi galasi pali maselo apadera amene amabala maselo atsopano a pamwamba pa galasilo. Maselowa amakhalanso ngati mpanda woletsa kachikopa ka mbali yoyera kulowerera pagalasi. Dokotala wa maso wa ku Australia, Minas Coroneo, anafotokoza kuti cheza cholowera cha kumbali ya khutu chimapindidwa ndi galasi la diso n'kukaunjikana pamalire a kufupi ndi mphuno, mphamvu yake itachuluka mpaka ka 20. N'chifukwa chake kanyamaka kamakonda kuyambira mbali ya mphuno.

Chezachi chimawononga DNA, yomwe imasunga malangizo oyendetsera selo. Mwachibadwa, puloteni yotchedwa p53, yomwe asayansi anaitulukira mu 1979, imaletsa selo lowonongeka kugawikana kufikira litakonzedwa, ndipo likakanika kukonzeka imalipha. Ofufuza apeza kuti m'tinyama tambiri totere p53 sigwira ntchito bwino, motero maselo oyenera kufa amapitiriza kuchulukana. Maselowo amatulutsa mapuloteni a MMP, omwe amasungunula kachigawo kolimba ka galasi kotchedwa Bowman n'kutsegulira kanyamako njira. Amatulutsanso VEGF, puloteni yomeretsa timitsempha tatsopano ta magazi, ndipo n'timeneti timachititsa kuti kanyamako kafiire.

Nanga bwanji anthu awiri olima munda umodzi, wina amadwala pomwe mnzake ayi? Apa ndi pomwe pamabwera nkhani ya kumtundu. Vutoli limaoneka kawirikawiri mwa anthu a banja limodzi, ngakhale kuti siliyenda ndi jini imodzi yokha. Majini ndi tizigawo ta DNA tomwe mwana amatengera kwa makolo ake. Kafukufuku wa ku Taiwan anasonyeza kuti kusiyana kwa majini monga OGG1, yokonza DNA yowonongeka, ndi GSTM1, yothandiza kuchotsa poizoni m'maselo, kumayenderana ndi chiopsezo cha vutoli. Chomwe munthu amatengera kumtundu ndi kufooka kwa chitetezo cha maselo, koma choyambitsa matenda ndi dzuwa la zaka zambiri.

Mankhwala odontheza amachepetsa kuyabwa ndi kufiira, koma sachotsa kanyamako. Kamachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo kamatha kumeranso. Pofuna kupewa zimenezi, madokotala amaika pabalapo kachikopa kabwinobwino kochokera pa diso la wodwala yemweyo.

Chofunika kusamala nacho n'chakuti khansa ya pamwamba pa diso, yomwe imapezeka kwambiri mwa anthu omwe ali ndi HIV, imatha kufanana ndi kanyamaka ikamayamba. Chotupa chomwe chikukula msanga, chatuwa pamwamba kapena chikutuluka magazi chiyenera kuonedwa ndi a zamaso mosazengereza, monga ku Lions Sight First Eye Hospital mumzinda wa Blantyre. Kwa amene maso awo akadali bwino, chipewa cha mlomo waukulu ndi magalasi otchinga UV mpaka m'mbali ndiwo chitetezo chotsika mtengo, makamaka ngati vutoli lilipo kale m'banja.