Khoma Likachita Nkhungu, Mlandu Ngwayani?

Dzinja lililonse khoma la kuchipinda kwa ana anga limada ndi nkhungu. Ndikakadandaula kwa eni nyumba amandiyankha kuti, "Muzitsekula mawindo, bambo." Yankho lomweli ndinalipezanso pamene ndinkawerenga mbiri ya nyumba za khonsolo ku Britain, ndipo ndinazindikira kuti mkangano wa mwininyumba ndi wochita lendi ndi wakalekale.

Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la Lloyd George linalonjeza asilikali nyumba zoyenera ngwazi. Lamulo la mu 1919, lomwe analitsogolera ndi Christopher Addison, linalamula makhonsolo kumanga nyumba za lendi yotsika. Cholinga chinali nyumba 500,000, koma zomwe zinamangidwa sizinafike ndi theka lomwe. Ntchitoyi inapitirirabe, ndipo pofika mu 1979 pafupifupi banja limodzi mwa mabanja atatu alionse linkakhala m'nyumba ya khonsolo.

Vuto linakula m'zaka za m'ma 1960, pamene makhonsolo ankamanga mothamanga nyumba zosanja pogwiritsa ntchito zipupa za konkire zoumbiratu kufakitale. Makoma oterewa amazizira kwambiri. Mpweya wofunda wochokera kukhitchini ndi kubafa ukagunda khoma lozizira umasanduka madzi, ndipo nkhungu imamera pomwepo. Apa ndi pomwe panagona mkangano. Khonsolo inkati wolakwa ndi wokhalamo, amene amayanika zovala m'nyumba. Wokhalamo ankati wolakwa ndi mmisiri.

Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linapatsa alendi ufulu wogula nyumba zawo pamtengo wotsika. Nyumba zabwino zinagulidwa msanga, makhonsolo n'kutsala ndi zambiri zotha ntchito. Lamulo la mu 1985 linanena kuti denga, makoma ndi mipope ndi udindo wa mwininyumba. Komabe makhoti ankaona kuti ngati khoma silinawonongeke, nkhungu yobwera chifukwa cha kamangidwe koipa si chinthu chofunika kukonza. Mpata umenewu unatsekedwa ndi lamulo la mu 2018, loti nyumba ya lendi iyenera kukhala yoyenera kukhalamo munthu.

Ngakhale zinali choncho, mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale. Bambo ake anali atadandaula za nkhungu kuyambira mu 2017, koma anauzidwa kuti angopakapo penti. Nyumbayo inali m'manja mwa bungwe lomwe linatenga nyumba za khonsolo mu 2012. Mu Novembala 2022, woweruza wofufuza za imfa anagamula kuti mwanayo anafa ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chopuma nkhungu kwa nthawi yaitali. Lamulo lotchedwa dzina lake linayamba kugwira ntchito ku England pa 27 Okutobala 2025. Tsopano khonsolo kapena bungwe likalandira dandaulo la chinyezi choopsa liyenera kufufuza pasanathe masiku 10 ogwira ntchito.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo ndimadziwa momwe kalata yodandaula imagonera m'failo podikira ndalama za chaka chamawa. Nanenso ndinagonekapo makalata a anthu ena. Nditawerenga za Awaab ndinasamutsa bedi la ana kuchoka pakhoma lija, ndipo ndinalembanso kalata yachinayi kwa eni nyumba. Mawindo ndimatsekula ndithu, chifukwa imeneyo ndi mbali yanga. Koma denga lodontha si zenera lingalikonze.